Makina a Banki ndi Mtengo wa Masheya

Mu 2007 Rabobank ya ku Netherlands inagula magawo 49 pa 100 a Zanaco, ndipo mu 2008 masheya a bankiyi anayamba kugulitsidwa pa Lusaka Stock Exchange. Kenaka kunadza Xapit, njira yotumizira ndalama pa lamya ya m'manja. Ife a ku Kabwata ndi Chelstone tinangokondwa kuti maulendo okafola ku Cairo Road acepa.

Ogula masheya amawerengera zina. Makompyuta amadya cuma lero, phindu lake nkudzaoneka patapita zaka. Mtengo wa banki umakwera makinawo akakopa osunga ndalama atsopano, monga amai a pamsika, popanda kumanga nthambi ina. Koma makina akafa pa tsiku la malipiro, anthu okumbukira kugwa kwa Meridien BIAO mu 1995 sacedwa kukatapa zao.