Zotsatsa malonda zikudya bandulo yanu: mungathe kuzitsekera kunja

Mlimi wa fodya ku Bolero kapena ku Mwazisi akagula bandulo ya Airtel kapena TNM kuti awerenge za mitengo ya kumsika wa Mzuzu, sikuti yonse imathera pa zimene iye akufuna. Gawo lina limadyedwa ndi zithunzi ndi makanema otsatsa malonda amene amangotulukira okha. Wolipira ndi mwini foni. Batirenso imatha msanga, ndipo m'midzi ya m'chigwa cha Nkhamanga momwe ambiri amatchajitsa pa sola, zimenezi ndi ndalamanso.

Palinso za moyo. Zina mwa zotsatsazi zimalonjeza mankhwala ochiziratu shuga ndi BP, ena owonjezera mphamvu za abambo, pomwe zina zimakopa achinyamata kutchova juga. Kuno ku Malawi bungwe la PMRA ndilo limavomereza mankhwala, koma wotsatsa wa kunja angafike pa foni yanu osadzera kumeneko. Wodwala akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo otere, moyo wake uli pachiswe.

Kodi zotsatsazi zimalowa bwanji? Nthawi zambiri sizichokera patsamba lomwe mwatsegulalo, zimachokera ku makompyuta a makampani ena. Foni isanazitenge imayamba yafunsa adiresi ya kompyutayo ku DNS, yomwe ili ngati buku la manambala a foni la intaneti yonse. Pali DNS zina zomwe zimasunga mndandanda wa otsatsa, ndipo zikafunsidwa adiresi ya mmodzi wa iwo sizipereka. Chithunzicho sichibwera, bandulo siikhudzidwa.

Kuyambira pa Android 9, yomwe idatuluka mu 2018, mafoni ali ndi malo otchedwa Private DNS. Lowani mu Settings, fufuzani mawuwo, ndipo mulembemo dns.adguard-dns.com, yomwe ndi imodzi mwa DNS zotsekera otsatsazi. Ndi zaulere. Makolo angalembe family.adguard-dns.com, yomwe imatsekanso masamba olaula. Pofuna kuwerenga nkhani, pulogalamu yotsegulira masamba ya Brave imatseka zotsatsa payokha, pomwe inzake ya Firefox imalola kuikamo pulogalamu ya uBlock Origin.

Pakhomo, pasukulu kapena pa ofesi pomwe anthu amagawana WiFi, ndi bwino kusintha DNS mu router momwemo, ngati ikulola, polembamo 94.140.14.14. Mukatero foni ndi kompyuta iliyonse yolumikizidwa imatetezeka. Odziwa zamakompyuta amaika pulogalamu ya Pi-hole pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, n'kumasankha okha zoti zitsekedwe.

Njira ya DNS ili ndi polekezera. Zotsatsa za pa Facebook ndi YouTube zimachokera kumodzi ndi makanema ake, choncho zimadutsabe. Siletsanso mauthenga a SMS a akamberembere onamiza anthu kuti atumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Dziwaninso kuti kampani ya DNS imaona mayina a masamba omwe mumatsegula, ndiye sankhani yodziwika bwino. Tsamba lina likakana kutseguka, bwezerani Private DNS pa Automatic.

Manyuzipepala athu a pa intaneti amalipira atolankhani ndi ndalama za otsatsa malonda. Ngati mukufuna kuwathandiza, Brave ndi uBlock Origin zimalola kusiyako masamba omwe mumawakhulupirira. Koma pa zotsatsa za mankhwala musanyengerere: musanagule, kafunseni kaye dokotala ku chipatala cha Bolero kapena cha boma ku Rumphi.