Amakaniko a kwa Mwambo: kulota vuto la galimoto kwadula

Pamsewu wa Zomba-Jali masiku ano padzaza ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu komanso nsomba za ku Kachulu. Galimotozi zimayendera kompyuta, ndiye makaniko wodalira khutu lokha akuluza makasitomala. Getsi la check engine likayaka, iye amasintha mapulagi, mawa fuel pump, mkuja sensa. Ndi mmene masipeyala akwerera kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja, mwini galimoto sabweranso, amakayezetsa mtauni mwa Zomba.

Chida choyamba kugula ndi multimeter. Batire yabwino imawerenga pafupifupi 12.6 volts injini itazima, ndipo ikalira iyenera kufika 13.5 mpaka 14.5. Ikapanda kufika, siyani kunamizira batire, onani alternator ndi mawaya ake.

Kenako kamakina ka OBD2, kolumikiza pa soketi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero. Kotchipa ka ELM327 kamawerengera pafoni, koma chenjerani: tina timakana galimoto zopangidwira msika wa ku Japan. Kayeseni pa Sienta musanapereke ndalama.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Nambala yomwe kamakinako katulutsa imangoloza dera la vuto, sitchula choti mugule. P0171 ikutanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta. Ndi fumbi la msewu wa ku Kachulu, yambani mwaona paipi ya mpweya ngati yang'ambika komanso sensa ya MAF ngati yada. Mafuta a m'zigubu nawo amatseka fyuluta. Zonsezi n'zotchipa kusiyana ndi pampu yatsopano. P0300 ndi injini yodumphiza, ndipo coil, injector kapena mapulagi zonse zingachititse.

Za sukulu, simukufunika kuyambira pansi. TEVETA ili ndi ndondomeko ya Recognition of Prior Learning yoyesa luso la amisiri omwe anaphunzirira pagalaja n'kuwapatsa satifiketi, pepala lomwe mabungwe amafuna asanakupatseni galimoto zawo. Kafunseni ku Nasawa Technical College m'boma lomwe lino kapena ku Soche Technical College ku Limbe, ndipo funsitsani za maphunziro a magetsi a galimoto.

Ma hybrid ngati Toyota Aqua nawo achuluka. Batire yake yaikulu ndi ya 144 volts, ndipo mawaya aolenji aja osawakhudza musanaphunzire kuzimitsa magetsi ake. Amapha.