Tiluke Chidole cha Mwana Wathu

Kuno ku Furancungo, m'midzi ya ku Macanga ndi ya ku Tsangano, chimanga chikalowa m'nkhokwe chisanu chimakhala chafika. Manja athu amapeza mpata. Amayi ambiri amakhala pakhonde kuwothera dzuwa, uku akuluka zipewa ndi masokosi a makanda. Ulusi wotsala amauponya m'chitini n'kuuiwala.

M'phunziro lino tiona m'mene ulusi wotsalawo ungasandukire chidole. Tionanso kuti ntchito imeneyi imafuna chinthu chomwe tikuphunzira m'kalasi mwathu. M'chinenero chathu mawu akuti "kuwerenga" ali ndi matanthauzo awiri. Timawerenga kalata, timawerenganso mbuzi. Woluka chidole amachita zonse ziwiri.

Chidole si chinthu chachabe

Tonsefe tinasewerapo. Atsikana tinkabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu. Anyamata tinkaumba ng'ombe zadothi kudambo ndi kupinda magalimoto a mawaya. Pa masanje tinaphunzira kuphika ndi kusunga nyumba.

Mwana akamalankhula ndi chidole, akuphunzira mawu. Akamachisambitsa ndi kuchigoneka, akuphunzira kusamala mnzake. N'chifukwa chake pangano la ufulu wa ana, lomwe maiko anagwirizana mu 1989, limanena kuti mwana ali ndi ufulu wosewera. Dziko la Mozambique linavomereza panganoli mu 1994.

Zidole zapulasitiki za kumsika zimafuna ndalama. Zambiri zimasweka msanga, ndipo zidutswa zake zimacheka. Chidole choluka n'chofewa, chimachapika, ndipo chikang'ambika timachisoka.

Luso ili lili ndi mbiri

Kuluka ndi singano imodzi yokhala ndi kangowe kumapeto, pa Chipwitikizi amati croché. Ku Japan amaluka tinyama ting'onoting'ono mwa njira yomweyi, n'kutitcha amigurumi. Chaka cha 2000 chitadutsa, luso limeneli linafala m'maiko ambiri kudzera pa intaneti.

Zidole zina zofewa nazonso zinayamba ndi manja a mayi wamba. Ku Germany kunali telala wina dzina lake Margarete Steiff. Iye anapuwala miyendo ndi poliyo ali wakhanda. Mu 1880 anasoka kanjovu kansalu koti azibayapo masingano. Ana atakaona anakakonda, nayamba kuseweretsa. Ntchito yakeyo inakula mpaka inasanduka fakitale ya zidole.

Zofunika kukhala nazo

Choyamba ndi singano yolukira. Ya mamilimita 3 imakwana pa ulusi wa majuzi wocheperako. Ikhale yaing'ono poyerekeza ndi ulusi, kuti choluka chathu chithinane, za m'kati zisamaonekere. Ngati sitinaipeze kusitolo, abambo angatisemere ya nsungwi kapena kusula ya sipoko ya njinga. Aipale bwino kuti isamadule ulusi.

Chachiwiri ndi ulusi. Wotsala uja ndi wokwana. Tingathenso kumasula juzi yakale ya pa kaunjika. Tisanagule tiitembenuze, tione msoko wake. Ngati m'mphepete munadulidwa ndi makina, ulusi udzatuluka tizidutswa tokhatokha. Tikamasula juzi, tikulunge ulusi kumsana kwa mpando, tiumange, tiuchape m'madzi ofunda, tiuyanike titapachikako kamwala. Ukauma umakhala utawongoka.

Chachitatu ndi zoika m'kati. Izi ndi tinsalu totsala kwa telala, tochapa ndi kuduladula, kapena thonje loyera lochotsa njere. Pomaliza tifuna singano yosokera, lumo, kope ndi pensulo.

Kaluke kake

Mfundo imodzi timaipanga chonchi. Tilowetse singano pabowo, tikole ulusi ndi kangowe, tikoke. Pa singano pakhala timphete tiwiri. Tikolenso ulusi, tiudutsitse pa timphete tonse tiwiri. Mfundo yatha. Chidole chonse chimalukidwa ndi mfundo yomweyi.

Poyamba tikulunge ulusi pachala kuti upange mphete. M'mphetemo tilukemo mfundo 6. Kenaka tikoke kamchira ka ulusi kuti bowo la pakati litsekeke. Kuchokera apa tiziluka mozungulira, monga chigoba cha nkhono. Poyambira mzere uliwonse tiikepo kaulusi ka mtundu wina, kuti tisasokere.

Kuwonjezera ndiko kuluka mfundo ziwiri pabowo limodzi. Kuchepetsa ndiko kugwira mfundo ziwiri n'kuziluka ngati imodzi. Nayi njira yolukira mutu. Tiikopere m'kope mwathu.

Mzere 1: mfundo 6.
Mzere 2: tiwonjezere pa mfundo iliyonse. Zonse 12.
Mzere 3: tiluke imodzi, tiwonjezere pa yotsatira, mpaka kuzungulira. Zonse 18.
Mzere 4: tiluke ziwiri, tiwonjezere pa yachitatu. Zonse 24.
Mzere 5, 6, 7 ndi 8: mfundo 24, osawonjezera.
Mzere 9: tiluke ziwiri, tichepetse. Zonse 18.
Mzere 10: tiluke imodzi, tichepetse. Zonse 12. Apa tiike tinsalu m'kati, tishindire ndi chala.
Mzere 11: tichepetse ponseponse. Zonse 6. Tisoke, titseke.

Tikamaliza mzere tiwerenge mfundo, kenaka tichonge m'kope. Tikapeza 17 pomwe payenera kukhala 18, timasule mzerewo pomwepo. Kumasula mzere umodzi n'kwapafupi kusiyana ndi kumasula mutu wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifukwa chiyani 6?

Taonaninso manambala aja: 6, 12, 18, 24. Mzere uliwonse ukuposa unzake ndi 6. Awa ndi masamu ochulukitsa omwe ana athu amaloweza kusukulu. Ife tikuwagwira ndi zala.

Tikamazungulira, mzere wakunja umakhala wautali kuposa wam'kati, choncho umafuna mfundo zambiri. Tikawonjezera 6, choluka chimayalika ngati mbale. Tikasiya kuwonjezera, m'mphepete mumadzuka, chimakhala ngati kapu. Tikachepetsa 6, kukamwa kumafota ngati kwa mtsuko. Koma tikawonjezera mopyola, chimakwinyika ngati tsamba la mpiru. Amene wamvetsa izi sadikiranso kuuzidwa. Angathe kuluka dzungu, dzira kapena fulu, chifukwa akudziwa powonjezera ndi pochepetsa.

Tipange kalulu

Mutu tili nawo kale. Thupi ndi mpira wina wokulirapo: tipitirize kuwonjezera mpaka mfundo 30, tiluke mizere 6 osawonjezera, kenaka titsike 24, 18, 12, 6. Khutu limayamba ndi mfundo 6, ndipo timaluka mizere 8 ya mfundo 6 zomwezo. M'makutu sitiikamo kanthu, timangowaphwatalitsa. Miyendo ndi mikono timailuka ngati makutu, koma mizere 5 yokha, n'kuikamo tinsalu pang'ono.

Tsono tisoke ziwalo zonse pathupi. Tisoke mozungulira kawiri, timange mfundo yolimba, mchira wa ulusi tiubise m'kati. Kalulu woyamba adzakhala wopindika khosi, khutu lina lalitali. Tisachite manyazi. Mwana adzamukonda momwemo, ndipo madzulo kalulu ameneyu adzatithandiza kusimba nthano.

Tisamale moyo wa mwana

Apa tiwerenge mofatsa, chifukwa chidole cholukidwa mosasamala chingabweretse maliro pakhomo.

Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Choncho maso a chidole asakhale a mabatani kapena mikanda. Zimenezi zimathothoka, mwana n'kutsamwa nazo. Maso, mphuno ndi kamwa tizisoke ndi ulusi wakuda.

M'kati tisaikemo nyemba, chimanga kapena timiyala. Msoko ukang'ambika zimatuluka, mwana n'kumeza kapena kulowetsa m'mphuno. Mbewu zimaitananso anankafumbwe ndi makoswe, ndipo zikanyowa zimachita nkhungu. Tisaikemonso nsalu kapena thumba lomwe linakhudza feteleza, mankhwala a fodya kapena mankhwala a m'munda wa mbatatesi.

Chidole chisakhale ndi chingwe chachitali chomwe chingakulunge khosi. Khanda likagona, chidole chikhale patali ndi nkhope yake. Chikada tichichape ndi sopo, tichifinye, tichiyanike padzuwa mpaka m'kati muume. Tisanampatse mwana, tikoke makutu ndi miyendo mwamphamvu. Chomwe chathothoka m'manja mwathu chikanathothokera m'kamwa mwake.

Nanga kugulitsa?

Ntchito iyi ndi yopumulira, yochita pocheza. Koma ena akaona kalulu wathu adzafunsa mtengo. Tisanayankhe, titsegule kope. Tiyerekeze kuti ulusi tinagula ndi 50 meticais, sopo ndi ulusi wosokera 10 meticais. Zonse ndi 60. Taluka madzulo atatu. Tikagulitsa pa 60, ndiye kuti madzulo atatuwo tagwira ntchito yaulere. Manambala awa ndi chitsanzo chabe. Aliyense alembe ake, awonjezerepo mtengo wa thukuta lake.

Tisatenge ngongole kuti tigule ulusi wambiri tisanadziwe ogula. M'midzi mwathu ndalama zimapita kaye ku mchere, sopo ndi makope a ana. Tiyambe ndi zidole ziwiri kapena zitatu. Tiyese kumsika wa ku Furancungo kapena wa ku Ulónguè pa nyengo yogulitsa mbewu, pomwe anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Ophunzira a kalasi imodzi angathe kusonkherana ulusi wa mitundumitundu ndi kubwerekana singano. Abambo nawonso asadzipatule. Manja oluka mphasa ndi madengu sangalephere kalulu.

Pomwe dziko la Mozambique linkalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa ntchito yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse. Ife tikupitiriza ntchito yomweyo. Zomwe taphunzira zisathere pa bolodi. Pa 1 Juni ndi Tsiku la Ana, pa 25 Disembala ndi Tsiku la Banja. Tiyeni tisankhe tsiku limodzi mwa awiriwa, kuti likamafika mwana wathu adzalandire chidole cholukidwa ndi manja athu, njira yake titawerenga tokha m'kope mwathu.

Mafunso

1. Kodi mawu akuti "kuwerenga" ali ndi matanthauzo ati?
2. Mzere 4 uli ndi mfundo 24. Tikawonjezera 6, mzere wotsatira ukhala ndi mfundo zingati?
3. Chifukwa chiyani sitiika mabatani pa chidole cha mwana wamng'ono?
4. Tchulani zinthu zitatu zosayenera kuika m'kati mwa chidole.
5. Lembani m'kope dzina la mwana yemwe mudzamulukire chidole, ndi nyama yomwe mwasankha.