Magemu 38 kapena usiku umodzi?

Ine ndimasewera Fantasy Premier League, yaulere ija. Ndimasankha osewera 15 n'kupirira nawo magemu 38. Sabata ina kaputeni amandigwiritsa mwala, komabe pofika Meyi wodziwadi mpira amaonekera, poti masewero akachuluka mwayi ndi tsoka zimafafanizana. Taponyani kobiri kanayi: mbali imodzi itha kubwera kanayi konse. Kuponya ka 400? Iwalani.

Ku America, DraftKings ndi FanDuel anazipanikiza zonsezi m'tsiku limodzi. Umalipira, umasankha timu, usiku womwewo ndalama yapita kapena yabwera, kampani itatapako kale gawo lake. Mu 2015 loya wamkulu wa boma la New York, Eric Schneiderman, anati imeneyi ndi juga basi. Makampaniwo amvekere ndi luso. Lusolo lilipodi, koma lili ndi akatswiri ochepa olowetsa matimu ambirimbiri pakompyuta, ndipo amadya ndalama za ongoyamba kumene.