Idzatuluka, ituluka, koma idzafika liti? Mneni wa anyamata odikira Black Ops 7 ku Mwanza

Pa 14 November 2025 kampani ya Activision inatulutsa Call of Duty: Black Ops 7, gemu yotsatira Black Ops 6 imene inatuluka pa 25 October 2024. Taonani kuti gemuyi isanatuluke ndinkalemba "itulutsa", osati "idzatulutsa". Nkhani yanga yagona pa kaphatikizo kamene ndinkakasiyako.

Magemu amenewa pa Chingerezi amawatchula kuti first-person shooter. Wosewera saona thupi la msilikali wake, amangoona manja ndi mfuti, ngati kuti maso a msilikaliyo ndi ake. Anyamata amene ndimacheza nawo pa boma la Mwanza amangoti "gemu ya mfuti", posiyanitsa ndi "ya mpira", poti kwathu kuno ukangoti gemu anthu amaganiza za mpira. Wosewerayo akawomberedwa sanena kuti "wafa" koma "ndafa", ndipo si zachilendo kumva wina akudandaula kuti "ndafa kasanu lero", munthu ali bwinobwino pabenchi. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chichewa chili ndi njira zingapo zonenera zam'tsogolo, ndipo ziwiri zodziwika kwambiri ndi "ndipita" ndi "ndidzapita". Yoyambayo ilibe mphatikiram'kati wa nthawi. Imadziwika ndi kukwera kwa liwu pa phatikizo loyamba, zimene kalembedwe kathu sikaonetsa. Yachiwiri ili ndi -dza-. Lamulo limene ambirife tinaloweza ndi lakuti yoyamba ndi ya lero kapena posachedwapa, yachiwiri ndi ya mawa mpaka m'tsogolo. Wofuna kuzama pa nthawi za mneni angayambire pa kafukufuku wa Andrea Kiso wa 2012 pa yunivesite ya Stockholm, amene anayerekeza Chichewa, Chitumbuka ndi Chisena.

Tsono tamvani mmene anyamatawa ankayankhulira mu 2025. Mu June, gemuyi italengezedwa koyamba popanda tsiku, aliyense ankati "idzatuluka chaka chino". Pa 19 August, ku chionetsero cha Gamescom mumzinda wa Cologne, tsiku linatchulidwa. Panali patatsala pafupifupi miyezi itatu, koma -dza- anayamba kugwa pakamwa pa ambiri: "Aise, ituluka November." Ena anadumphiratu mpaka ku nthawi yatsopano: "Ikutuluka pa 14, man, osakaika." Miyezi itatu si lero, komanso si posachedwapa. Chimene chinasintha si kutalika kwa nthawi ayi, koma kutsimikizika kwa chinthucho mumtima mwa woyankhula. Mlimi naye amatero akamati "mvula igwa November", pamene "mvula idzagwa" imamveka ngati akudzitonthoza. Kwa ine, lamulo la lero ndi mawa limangogwira theka la nkhani, ndipo ndi chinthu choti olemba mabuku a malamulo a chiyankhulo achiganizire.

Chosangalatsa kwambiri n'chakuti -dza- sanathawe. Anangosamukira pa mneni wina. Mnyamata yemweyo amene ankati "ituluka" ukamufunsa kuti, "Nanga iwe uisewera?" yankho linkakhala lakuti, "Aaa, ikadzafika kuno tidzaiona." Onani, -dza- kawiri m'chiganizo chimodzi.

Kutuluka ndi kufika ndi zinthu ziwiri, ndipo tonse timazidziwa kuchokera ku mayeso: zotsatira za MSCE zimatuluka ku Zomba, kenako n'kufika pasukulu. Chinthu chimatuluka kwa mwini wake, chimafika kwa iwe. Gemuyi potuluka mu 2025 ku America mtengo wake unali pafupifupi madola 70, m'dziko muno ndalama zakunja zikusowa, ndipo ngakhale ukhale nayo pamafunika intaneti yamphamvu ndi magetsi okhazikika. Mwayi wake ndi wakuti inatuluka ndi pa PlayStation 4 pomwe, makina amene amapezekabe m'timashopu tosewerera magemu. Ku Mwanza mawu akuti kufika ali ndi kulemera kwina. Mabasi ndi mathiraki ochokera ku Johannesburg, odzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, amalowera pa Zobue n'kudutsa pakhomo penipeni pa msewu wa M6. Wina akati "idzafika", m'maganizo mwake muli mbale wake wa ku Joni ndi chikwama, osati batani la pa intaneti. Ndipo paja akatswiri amati -dza- anachokera ku mneni wakuti kudza, kutanthauza kubwera. Choncho "idzafika" ndi mawu onyamula ulendo kawiri.

Ambiri mwa odikirawa chimene amasewera tsiku ndi tsiku ndi Call of Duty: Mobile, ya pafoni, imene inatuluka pa 1 October 2019 ndipo kuitenga n'kwaulere bola bandulo ikhalepo. Black Ops 7 amaidziwira pa timavidiyo ta pa YouTube ndi TikTok. Amadziwa kuti nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 2035, amadziwa dzina la David Mason, amatsutsana za mfuti zimene sanazigwirepo. Pa mkanganowo mneni amakhala wa nthawi yatsopano, "mfuti imeneyi ikubaya", ngati kuti gemuyo ili kale m'manja.

Pali kusiyananso pakati pa kudikira ndi kuyembekezera. Timadikira basi, chinthu chimene tikudziwa nthawi yake. Timayembekezera chinthu chimene tayikapo mtima, n'chifukwa chake mayi wapakati timamutchula kuti woyembekezera. Za pa 14 November anyamatawa ankati "tikuidikira". Mwini kashopu kena kosewerera magemu nditamufunsa ngati akhale nayo, anandiyankha kuti, "Achimwene, tikuyembekezera, mwina Khirisimasi ikadzadutsa."