Kadzidzi wa ku Bwanje akufunika womuphunzira, osati womugenda

Mpunga ukayamba kucha mu sikimu ya Bwanje, pa mahekitala 800 omwe amamwa madzi a Namikokwe, alimi amatha mawu n'kukuwiza mpheta. Koma mbava ina, mbewa ya kapuku, imadya usiku anthu ali mtulo. Mlonda amene amaigwira osalipidwa ndi yemwe timamuponyera chikuni chamoto akalira padenga, ati watumidwa ndi mfiti kudzalosera maliro. Bodzali latopetsa. Kulithetsa kwake n'kwakuti ana a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka akaphunzire za mbalame ku yunivesite, abwere ndi umboni wogwirika.

Taonani zimene wophunzira amapeza pa kadzidzi woyera kumaso uja, Tyto alba, wokonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi m'nyumba zosungira mbewu. Makutu ake sali pa mzere umodzi: lakumanzere lili m'mwamba pang'ono kuposa lakumanja. Mbewa ikakhwasula udzu, phokoso silifika mofanana m'makutu awiriwo, ndipo kusiyana kwakung'onoko kumauza ubongo wake ngati nyamayo ili kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena m'munsi. Nthenga zozungulira nkhope zimasonkhanitsa phokoso n'kulilowetsa m'makutu, pomwe za m'mapiko n'zofewa m'mphepete, motero amatsika osamveka. Roger Payne adaonetsa mu 1971 kuti mbalameyi imagwira mbewa mumdima wandiweyani pogwiritsa ntchito makutu okha. Ikameza mbewa yathunthu, imadzalavula kachibulumwa ka ubweya ndi mafupa. Wophunzira amatola tizibulumwato, n'kuwerenga zigaza, n'kudziwa mitundu ya mbewa zomwe zadyedwa komanso kuchuluka kwake. Ufiti uli pati pamenepa?

Ena amati mbalame timazidziwa kale, sukulu n'njachiyani. N'zoona kuti mwana wa m'dambo salakwitsa nantchengwa, kakowa kapena nkhwali, ndipo nzeru imeneyo yunivesite isaipeputse. Koma Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo dzina lakuti mpheta timalipachika pa timbalame tambiri tosiyana kadyedwe. Kwelea wa mlomo wofiira amagwa pamunda m'chigulu chosawerengeka, pomwe tinzake tina timadyetsa ana awo mbozi zowononga mbewu. Wosazisiyanitsa amapha zonse. Buku lalikulu la mbalame za dziko lino, The Birds of Malawi, adalemba Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett mu 2006, ndipo lisanatuluke limenelo tinkadalira la banja la Benson la 1977. Ntchito yabwino, koma dzina la Mmalawi likusowa pachikuto.

Chotsutsa cholimba n'chakuti mbewa ndi ndiwo, ndiye kadzidzi akulanda m'kamwa mwa osaka mbewa. Funsoli yankho lake lili m'zigaza zija: wophunzira awerenge, aone ngati zimene kadzidzi amadya zikuposa mpunga umene amapulumutsa. Ku Israel alimi akhala akukhomera akadzidzi mabokosi m'minda kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pofuna kuchepetsa poizoni. Kuno timathira tameki, mbewa yodya tamekiyo n'kupha kadzidzi, galu, ngakhale kuika pachiswe mwana wotola mbewa zakufa.

Maphunziro a zamoyo alipo ku University of Malawi ku Zomba, a zachilengedwe ku LUANAR ku Bunda, ndipo koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ili m'boma la Dedza, momwe muli sikimuyi. Wofuna kuyamba alimbikire Biology ku sekondale.