KUSAMALA MABITI OBOOLERA

Kuno kwa Malemia amisiri a matabwa ndi ambiri. Amakhoma zitseko, mabedi, mipando ndi mabokosi. Ena amagula paini wa ku phiri la Zomba, ena amakonda mlombwa kapena bulugamu. Sowo ndi puleni amazinola kaŵirikaŵiri. Koma pali kachida kena kamene ambiri amakaiŵala. Kameneka ndi biti, kachitsulo koboolera.

Biti yobuntha imadya ndalama. Imang'amba thabwa ndi kuboola bowo lokhota. Bedi la mabowo okhota limagwedera, ndipo mwini wake sabweranso kudzagula china. Biti ikathyoka, ntchito imaima mpaka mutakagula ina ku Zomba.

Mitundu iŵiri ya mabiti

Mtundu woyamba ndi biti ya bulesi, ija timapukusa ndi manja. Imaboola matabwa okha. Kumutu kwake kuli kansonga konga sikuluwu, kamene kamaikokera m'thabwa. M'mbali muli timakutu tiŵiri todula mzere wozungulira. Palinso milomo iŵiri yopala thabwa.

Mtundu wachiŵiri ndi biti yopotana ngati chingwe. Imeneyi imaboola thabwa ndi chitsulo chomwe. Ili ndi milomo iŵiri basi.

Ŵerengani nambala

Biti iliyonse ili ndi nambala kuthako kwake. Popeza tsopano mukudziŵa kuŵerenga, musamangoyesa ndi maso. Pa mabiti ambiri a bulesi, nambala 16 ndi inchi imodzi, 8 ndi theka la inchi, 4 ndi kota ya inchi. Mabiti opotana ambiri amalembedwa m'mamilimita, monga 3, 6 kapena 10. Theka la inchi ndi pafupifupi mamilimita 13.

Kasungidwe kake

Musaponye mabiti m'chitini pamodzi ndi misomali. Zitsulo zikamagundana, milomo imabenthuka. Ndiponso mumataya nthaŵi kufunafuna imene mukuifuna.

Tengani chidutswa cha thabwa lochindikala. Biti iliyonse iboole bowo lake, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Lembani nambala pafupi ndi bowo lililonse. Tsopano biti iliyonse ili ndi nyumba yake. Madzulo poŵeruka, bowo lopanda kanthu lidzakuuzani kuti ina yatsala pansi kapena yabwerekedwa.

Ngati mumayenda kukagwira ntchito m'midzi, sokani timatumba pa nsalu ya buluku lakale. Biti imodzi, kathumba kamodzi. Kenaka pindani nsaluyo ndi kuimanga ndi chingwe.

Mdani wina ndi dzimbiri. Dera lathu lili m'tsinde mwa phiri, ndipo nthaŵi ya dzinja chinyezi chimachuluka. Mukatha ntchito, chotsani utuchi, pukutani biti, ndipo ipakeni oyilo pang'ono. Sungani mabiti pamalo okwera, osati pansi.

Kunola biti ya bulesi

Pezani tupa yaing'ono yosalala. Yambani ndi timakutu tija. Nolani mbali ya m'kati yokha. Kunja musakhudzeko ai. Mukapala kunja, mutu wa biti umachepa, ndipo thupi lake limakanirira m'bowo.

Tsopano tsamiritsani kansonga pa thabwa. Nolani milomo kumtunda kwake, kumene utuchi umakwerera. Kunsi kwake kusiyeni. Ŵerengani: mukapala kanayi mlomo uwu, palaninso kanayi mlomo winawo. Milomo ikasiyana, umodzi wokha ndiwo umagwira ntchito.

Kansonga ka sikuluwu sitinola. Ingochotsani litsiro ndi utomoni wa paini m'mizere yake. Kansongaka kakaonongeka, biti siloŵanso yokha m'thabwa.

Kunola biti yopotana

Chitsulo cha biti imeneyi ndi cholimba, tupa simatha. Pamafunika mwala wonolera. Kumene kuli magetsi, monga pa Songani, amisiri owotcherera zitsulo ali ndi mwala wozungulira.

Kumbukirani zinthu zitatu. Choyamba, milomo yonse iŵiri ikhale yofanana kutalika, kuti nsonga ikhale pakati penipeni. Ikasiyana, bowo limakula kuposa nambala ya biti. Chachiŵiri, kumbuyo kwa mlomo kukhale kotsikirako pang'ono. Kukapanda kutero, biti imangokhula osadula. Chachitatu, musasinthe kupendekeka kwa nsonga. Ikani biti yatsopano pambali, muzifanizira.

Nolani pang'onopang'ono, ndipo muziiviika m'madzi pafupipafupi isanatenthe. Nsonga ikasanduka yobiriŵira, ndiye kuti yapsa, ndipo ikhoza kubuntha msanga. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa mwala wa magetsi valani magalasi, chifukwa tizitsulo timathethekera m'maso.

Mukatha, yesani pa thabwa lotsala. Biti yakuthwa imaloŵa osaikakamiza, ndipo imatulutsa tizidutswa topiringizika. Yobuntha imatulutsa fumbi, imalira, mwinanso utsi umafuka. Mukaona zimenezi, lekani msanga, kanoleni.

Langizo lomaliza ndi ili: musanaboole thabwa lakale, yang'anani ngati muli msomali wobisika. Msomali umodzi ungathe kuononga biti ya bulesi nthaŵi yomweyo.

Mafunso

1. Kodi biti ya bulesi ya nambala 8 imaboola bowo lalikulu bwanji?
2. Chifukwa chiyani sitinola kunja kwa timakutu?
3. Lembani manambala a mabiti amene muli nawo, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu.